Environment ya namwino si chilengedwe

Wophunzira unamwino akatumidwa kukafunsa anamwino a pachipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, m'dera la Mfumu Malengachanzi, za mmene ntchito ikuwayendera, amayamba wapunthwa pa mawu akuti environment. Kusukulu anamuuza kuti ndi chilengedwe. Akalemba choncho, woyankha aganiza za nyanja ndi njovu za m'nkhalango ya Nkhotakota. Ena amathawira ku "malo ogwirira ntchito", koma mawuwa amaloza denga, mabedi ndi mpopi.

Ofufuza amayesa zina. Mafunso 31 amene Eileen Lake anatulutsa mu 2002, omwe anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri kuphatikizapo cha ku Turkey, amafunsa ngati anamwino alipo okwanira, ngati amamvana ndi madokotala, ngati wamkulu wa wodi amawaikira kumbuyo, ndiponso ngati mawu awo amamveka poyendetsa chipatala. Zonsezi ndi "mkhalidwe wa pantchito", ndipo mawuwa ndiwo oyenera kukhazikika.

Msampha wina uli pa validity ndi reliability, omwe ambiri amawamanga mtolo umodzi n'kuti "kudalirika". Sikelo ya wogula mpunga imene imaba kilogalamu imodzi pa thumba lililonse sisinthasintha, koma sinena zoona. Nambala ya alpha imene Lee Cronbach anafotokoza mu 1951 imangosonyeza kuti mafunso akuyendera limodzi. Siitsimikiza kuti akuyesa chimene tikufuna. Choncho reliability ikhale "kusasinthasintha", validity ikhale "kuyesa chenicheni". Wowerenga akaona dzina limodzi pa zinthu ziwirizi adzakhulupirira mafunso oyesa denga pamene vuto ndi kuchepa kwa anamwino usiku.

Ku Turkey, kumene bungwe losamala chilankhulo la Türk Dil Kurumu linayamba mu 1932, pa validity ndi reliability ofufuza amalemba geçerlik ndi güvenirlik, mawu awiri ochokera m'chilankhulo chawo. Kuno Chichewa Board inayamba mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Komabe unamwino umaphunzitsidwa m'Chingerezi, motero gulu lililonse la ofufuza limapeka mawu akeake, lipoti likatuluka mawuwo n'kuiwalika.

Chichewa sichilephera. Mawu akuti "namwino" anakhazikika pambali pa "nesi", ndipo "chipinda cha odwala mwakayakaya" chimamveka kwa aliyense amene m'bale wake anatumizidwa kuchipatala cha Kamuzu Central. Okosijeni tingabwereke, poti ndi chinthu chooneka m'silinda. Koma mawu ofunsira munthu mmene akumvera pantchito achokere m'kamwa mwake. Bungwe la Nurses and Midwives Council likhale pansi ndi akatswiri a ku Zomba, alembe mndandanda umodzi, ndipo asanausindikize akauyese kwa anamwino a m'maboma ngati Nkhotakota.