Kumene Zikondwerero Zikuluzikulu za Akatolika Zinachokera

Kalendala imene parishi iliyonse ya Katolika imatsata, kuyambira Lamulungu loyamba la Adventi, nyengo yokonzekera Khrisimasi, mpaka chikondwerero cha Khristu Mfumu, inamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo masiku ambiri amene ali m'menemo anayambira m'mizinda ndi m'nyumba za amonke zakutali ndi Roma, apapa n'kudzawavomereza pambuyo pake ataona kuti akhristu awazolowera kale. Akhristu oyambirira anali ndi tsiku lawolawo lopatulika limodzi lokha, Lamulungu, pamene ankasonkhana kunyema mkate pokumbukira kuuka kwa Yesu, ndipo chikondwerero choyamba cha pachaka chimene chinawonjezedwa pa tsikuli chinali Pasaka.

Pasaka anali kale mwambo wa Ayuda wokumbukira kutuluka kwa makolo awo mu ukapolo ku Ejipito, ndipo popeza Yesu anaphedwa m'masiku a mwambowu, otsatira ake anaumasulira mwatsopano monga kuoloka kuchoka mu imfa kulowa m'moyo. Chimene chinavuta chinali tsiku. Mipingo ya ku Asia Minor, dera limene lero lili m'dziko la Turkey, inkachita Pasaka pa 14 mwezi wa Chiyuda wa Nisani mosasamala kuti tsikulo lagwa pa Lachiwiri kapena Lachisanu, pamene mpingo wa ku Roma unkadikira Lamulungu lotsatira. Cha m'ma 155 episkopi Polycarp wa ku Smyrna anakakambirana nkhaniyi ndi Papa Anicetus, awiriwo nasiyana mwamtendere koma osagwirizana, ndipo patapita zaka zoposa 30 Papa Victor anafuna kudula ubale ndi mipingo ya ku Asia, mpaka Irenaeus wa ku Lyon anamudandaulira kuti asagawe Mpingo chifukwa cha kalendala. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea, umene mfumu Constantine inaitanitsa mu 325, unagamula kuti akhristu onse azichita Pasaka pa Lamulungu limodzi, ndipo lamulo limene linakhazikika n'lakuti likhale Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake Pasaka amayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, akumakoka masiku ena onse omangiriridwa kwa iye, monga kukwera kumwamba kwa Ambuye patatha masiku 40 ndi Pentekoste, tsiku lokumbukira kutsika kwa Mzimu Woyera, pa tsiku la 50.

Lenti, nyengo ya masiku 40 ya kusala ndi kulapa, inakula kuchokera ku kukonzekera kwa akatekumeni, amene ndi anthu ophunzira chikhristu asanabatizidwe, pakuti ubatizo wawo unkachitika usiku wa Pasaka ndipo mpingo wonse unayamba kusala nawo limodzi. Phulusa limene akhristu amalandira pamphumi Lachitatu loyamba la nyengoyi linali poyamba la anthu okhawo amene ankalapa poyera machimo aakulu, kufikira pamene Papa Urban II analimbikitsa mu 1091 kuti aliyense azilandira. Miyambo ya Sabata Loyera, makamaka mdipiti wa kanjedza ndi kulemekeza mtanda pa Lachisanu Loyera, inachokera ku Yerusalemu, kumene mayi wina wapaulendo wachipembedzo dzina lake Egeria anaiona ndi kuilemba mwatsatanetsatane cha m'ma 380. Chodabwitsa n'chakuti mapemphero a usiku wa Pasaka, amene lero ndi chimake cha chaka chonse, ndi moto wake watsopano, kandulo yaikulu ndi ubatizo wa akuluakulu, anasunthika m'kupita kwa zaka mpaka ankachitika Loweruka m'mawa dzuwa likuwala ndipo anthu ochepa okha ndiwo ankabwera. Anali Papa Pius XII amene anawabwezera ku usiku mu 1951. Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo Lenti imagwa m'miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, kotero kuti ulaliki wa kusala umamveka mosiyana ndi mmene umamvekera ku Ulaya, ndipo ndi pa Lamulungu loyamba la Lenti, pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi.

Khrisimasi, imene anthu ambiri amaiyesa chikondwerero chachikulu koposa chifukwa cha zovala zatsopano ndi mpunga wa nkhuku, inabwera mochedwa ndipo m'maso mwa Mpingo ili pambuyo pa Pasaka. Mabuku a Uthenga Wabwino satchula tsiku limene Yesu anabadwa, ndipo umboni wakale kwambiri wa 25 Disembala ndi kalendala ya ku Roma yosonyeza kuti tsikuli linkakumbukiridwa kale mu 336. Akatswiri a mbiri amagawanika pawiri pofotokoza chifukwa chake: ena amati Mpingo unafuna kuphimba chikondwerero chachikunja cha mulungu wa dzuwa chimene chinkachitika nthawi yomweyo, pamene ena amati akhristu anawerenga miyezi 9 kuchokera pa 25 Malichi, tsiku limene ankakhulupirira kuti Amayi Maria anatenga pathupi. Mipingo ya kum'mawa inali ndi tsiku lakelake, 6 Januwale, limene kumadzulo linasanduka Epifania, chikumbutso cha anzeru a kum'mawa amene anadzapembedza mwanayo. Kakhola kamene akhristu amamanga ndi udzu m'tchalitchi kanatchuka chifukwa cha Francis wa ku Assisi, amene mu 1223 anakonza chodyera cha ziweto ndi ng'ombe ndi bulu zamoyo m'mudzi wa Greccio.

Chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chimene parishi imatulutsa Ukaristia m'tchalitchi n'kuyenda nawo m'misewu, chinayamba ndi sisitere Juliana wa ku Liège, m'dziko limene lero ndi Belgium, amene anaumirira kwa zaka zambiri mpaka episkopi wa kumeneko anachiloleza mu 1246. Papa Urban IV, yemwe anagwirapo ntchito mumzinda womwewo, anachifalitsa ku Mpingo wonse mu 1264, ndipo mapemphero ake analembedwa ndi Thomas Aquinas. Kutengedwa kumwamba kwa Amayi Maria kunkakumbukiridwa pa 15 Ogasiti kwa zaka zoposa 1,300 Papa Pius XII asanakulengeze mu 1950 kuti ndi chiphunzitso chimene Mkatolika aliyense ayenera kukhulupirira, umboni woonekeratu wakuti pemphero la anthu wamba linkatsogola, lamulo likudza pambuyo. Tsiku lopempherera akufa onse, 2 Novembala, limene limatsatira la Oyera Onse, linayambitsidwa ndi Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny m'dziko la France.

Chosiyana ndi zonsezi ndi Khristu Mfumu, chimene chinatsika kuchokera ku Roma mwachindunji pamene Papa Pius XI anachikhazikitsa mu 1925, maboma a ku Ulaya atayamba kukankhira chipembedzo pambali ndipo Mussolini akulimbitsa mphamvu zake ku Italy. Papa Paul VI anachisunthira ku Lamulungu lotsiriza la chaka cha Mpingo mu 1969. Papa yemweyo ndiye analengeza mu 1964 kuti Charles Lwanga ndi anzake 21, amene anaphedwa ku Buganda pa ulamuliro wa mfumu Mwanga II, ambiri mwa iwo potenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndi oyera. Maparishi ndi miphakati yambiri ya ku Malawi ndi Zambia inasankha ofera chikhulupirirowa kukhala nkhoswe zake, kutanthauza oyera oipempherera kwa Mulungu, ndipo kumene zili choncho tsiku la 3 Juni, kapena Lamulungu loyandikana nalo, limasonkhanitsa akhristu a m'matchalitchi a nthambi zonse ku likulu la parishi.