Kusintha kwa OpenSSL ndi Tanthauzo Lake kwa Ogwiritsa Ntchito Foni ndi Intaneti

Mlimi wa ku Embangweni akamatumiza ndalama kudzera pa pulogalamu ya banki, kapena wamalonda wa pa msika wa Jenda akamalipira katundu pa intaneti, uthenga wake umabisidwa kuti wina asauwerenge m'njira. Imodzi mwa nkhokwe za mapulogalamu zimene zimagwira ntchito yobisayi padziko lonse ndi OpenSSL, yomwe inayamba m'chaka cha 1998.

Zimene zinasintha

Kale, wolemba pulogalamu ankayenera kuyidzutsa yekha nkhokweyi ndi malamulo monga SSL_library_init, ndi kuyiuza makonzedwe ake ndi OPENSSL_config. Akaiwala, pulogalamu inkalephera kulumikizana motetezeka. Kuchokera pa mtundu wa 1.1.0, umene unatuluka mu Ogasiti 2016, nkhokweyi imadzidzutsa ndi kudzitseka yokha. Amene akufuna makonzedwe apadera amagwiritsa ntchito OPENSSL_init_ssl kapena OPENSSL_init_crypto.

Mtundu wa 3.0, wa mu Seputembala 2021, unapatula njira zakale zobisira uthenga monga RC4 ndi DES, ndipo sizigwira ntchito pokhapokha katswiri atazitsegula mwadala. Mtundu wa 1.1.1 unasiya kulandira zokonza zaulere pa 11 Seputembala 2023.

Chifukwa chake nkofunika

Pulogalamu imene siikonzedwanso imakhala ngati nkhokwe ya chimanga yothyoka chitseko. M'chaka cha 2014, vuto lotchedwa Heartbleed linapezeka mu OpenSSL, ndipo linapatsa akuba mpata wowerenga manambala achinsinsi pa makompyuta ambiri padziko lonse.

Zoyenera kuchita

Mabungwe a alimi, masitolo ndi maofesi a pa boma la Mzimba, ku Luwerezi ndi ku Edingeni amene ali ndi makompyuta afunse owakonzera makina ngati mapulogalamu awo akulandirabe zokonza.

Foni yanu ikapempha kuti mukonze pulogalamu, vomerani, makamaka musanayambe kugulitsa mbewu. Tengani mapulogalamu ku Google Play kapena App Store basi, osati kwa munthu wokutumizirani. Tsamba la pa intaneti likachenjeza kuti silotetezeka, musalembepo nambala yachinsinsi.

Dziwaninso kuti kubisa uthenga sikuteteza munthu amene waulula yekha nambala yake kwa woyimba foni. Mukaberedwa, kadziwitseni apolisi ndi kampani kapena banki yanu msanga. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo.