Plasmid, transposon ndi bacteriophage: mayina a majini oyendayenda

Kale anthu ankaganiza kuti bakiteriya amalandira majini (malangizo a chibadwa) kwa kholo lake basi. Mayina atatu amene akatswiri amatchula masiku ano akusonyeza kuti majini ena amachita kubwera kuchokera kunja.

Dzina lakuti plasmid analipeka ndi Joshua Lederberg mu 1952. Tsinde lake ndi mawu a Chigiriki akuti plasma, kutanthauza chinthu choumbidwa. Ndi kachidutswa ka DNA, nthawi zambiri kozungulira ngati mphete, kamene kamakhala pakokha m'thupi la bakiteriya ndipo kamatha kupatsiridwa kwa bakiteriya wa mtundu wina. Mu 1959 akatswiri a ku Japan anapeza kuti Shigella, woyambitsa kamwazi, amapatsirana ndi bakiteriya wina, E. coli, mphamvu yosamva mankhwala angapo nthawi imodzi.

Transposon ndi dzina lochokera ku Chilatini: trans ndi kutsidya, ponere ndi kuika. Ndi jini yodzizula pamalo ena n'kukadziika pena. Barbara McClintock anatulukira majini otere m'zaka za m'ma 1940 pofufuza njere za chimanga zamawangamawanga, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Nkhaniyi siyakutali. Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, amene wakhala akulowa m'magazi a ana ndi akulu ku Blantyre, ananyamula majini okana mankhwala pa transposon yokhala m'kati mwa plasmid.

Dzina lachitatu, bacteriophage, limatanthauza wodya bakiteriya, pakuti phagein pa Chigiriki ndi kudya. Félix d'Hérelle ndiye analitchula mu 1917 ataona mavairasi akupha mabakiteriya. Koma dzinali limangonena mbali imodzi. Mavairasi ena sapha ayi, amangosiya majini awo m'kati mwa bakiteriya. Mu 1996 Matthew Waldor ndi John Mekalanos anasonyeza kuti jini ya poizoni wa kolera imabwera ndi vairasi wotere. Poizoni ameneyu ndiye amachititsa kutsegula m'mimba kothetsa madzi m'thupi.

Choncho bakiteriya mmodzi akapulumuka ku mankhwala, luso lake silithera kwa ana ake okha, limafalikira kwa ena ambiri. Tikamamwa mankhwala opha mabakiteriya mwachisawawa timapha ofooka n'kusiyira malo onyamula majini amenewa. Tisagule makapisozi pamsika pofuna kuchiza chimfine, ndipo amene tapatsidwa kuchipatala tizimwa monga adokotala atiuzira.