Mbiri ya Linux: Za Ufulu, Ulere ndi Umunthu

Kompyuta iliyonse imadalira pulogalamu yaikulu imene imayang'anira mapulogalamu ena onse ndi kugawa ntchito m'kati mwa makinawo. Nkhani ino ikulondola mbiri ya imodzi mwa mapulogalamu otere, yotchedwa Linux, ndi kufotokoza chimene chinaifalitsa dziko lonse.

Gwero lake ndi Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kulemba ku Bell Labs, m'dziko la America, m'chaka cha 1969. Patapita nthawi, eni ake anaika malamulo okhwima oletsa anthu kuona, kusintha kapena kugawana malangizo amene pulogalamuyo inalembedwa nawo. Richard Stallman anatsutsa mchitidwe umenewu. Mu 1983 iye anayambitsa ntchito ya GNU, ndipo mu 1989 anatulutsa chilolezo chotchedwa GPL. Mfundo ya chilolezochi ndi yakuti aliyense angagwiritse ntchito pulogalamu, kuiphunzira, kuisintha ndi kuigawa, malinga ngati pogawapo apatsa anzake ufulu womwewo. Pofika 1991, GNU inali ndi zida zambiri, koma inkasowa phata, ndiko kuti gawo lolankhula mwachindunji ndi makina.

Phatalo linachokera ku Finland. Pa 25 Ogasiti 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa Yunivesite ya Helsinki, analengeza kuti akulemba pulogalamu yake yongosewerera. Chaka chotsatira anaiika pansi pa GPL, ndipo apa ndi pamene zinthu zinatembenukira. Akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, amene ambiri mwa iwo sanaonanepo maso ndi maso, anayamba kutumiza zokonza zawo kudzera pa intaneti. Debian inabadwa mu 1993, ndipo Linux 1.0 inatuluka mu 1994.

Makampani aakulu poyamba anainyoza. Mu 2001 mkulu wa Microsoft, Steve Ballmer, anaiyerekeza ndi khansa. Koma mu 2016 kampani yomweyo inalowa m'bungwe la Linux Foundation. Mu 2019 IBM inagula Red Hat pa mtengo wa madola 34 biliyoni. Mu Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko anapezeka kuti akuyendera Linux. Nayo Android, imene inayamba kupezeka m'mafoni mu 2008, inamangidwa pa phata lomweli. Motero mayi wogulitsa tomato ku Lizulu, akamalandira uthenga pa foni ya Android, amagwiritsa ntchito Linux ngakhale dzinalo sanalimvepo.

Kwa ophunzira zinenero, mbiriyi ili ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya mawu. M'Chingerezi, liwu lakuti "free" limatanthauza zinthu ziwiri, ndipo Stallman wakhala akuvutika kumasulira kuti cholinga chake si mtengo ayi. Chichewa chilibe vuto limeneli: chaulere n'china, chaufulu n'china. Linux ingagulitsidwe, koma wogulayo salandidwa ufulu. Mu 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa atatulutsa mtundu wake wa Linux, anautcha Ubuntu, liwu la Chizulu ndi Chixhosa limene ndi mbale wa liwu lathu lakuti umunthu. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayo. Pulogalamu yotsekedwa imalankhula zinenero zokhazo zimene mwini wake waona kuti zimubweretsera phindu. Yotseguka ingamasuliridwe ndi aliyense popanda kupempha chilolezo. Umo ndi mmene bungwe la Translate.org.za linamasulirira OpenOffice m'zinenero za ku South Africa, ndiponso mmene ntchito ya Kilinux, pa Yunivesite ya Dar es Salaam, inatulutsira Jambo OpenOffice ya Chiswahili.

Choncho chimene chimachedwetsa Chichewa m'makompyuta si lamulo la kampani ina iliyonse. Chofunika ndi matanthauziramawu a zaumisiri, kalembedwe kamene Malawi, Zambia ndi Mozambique angagwirizanepo, ndiponso anthu odzipereka kumasulira. Ntchito imeneyi ndi ya m'madipatimenti athu a zinenero, ndipo sitikuyenera kudikira kuti wa ku Helsinki adzatigwirire.