Thalauzi, banja ndi mpando wa phungu: muyeso umene Zomba inatisiyira

M'chaka cha 1973 aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene nthawi imeneyo ankakumana kuno ku Zomba m'tsinde mwa phiri, anavomereza lamulo loletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa maondo pagulu. Lamulolo, Decency in Dress Act, linagwira ntchito zaka 20 mpaka linathetsedwa mu 1993, ndipo m'nyengo yomweyo abambo nawo sankaloledwa kuweta tsitsi. Ambiri amalikumbukira ngati nkhani ya zovala chabe, koma m'kati mwake muli mbiri ya mmene tinaphunzirira kuyeza munthu wofuna udindo. Kampeni ikayamba, kaya ndi ku Zakazaka, ku Chinamwali kapena ku Sadzi, mayi amene waima pa uphungu amayamba wafunsidwa ngati ali pabanja, mwamuna wake ndi ndani, amavala zotani ndiponso amapemphera kuti. Ofunsawo amati akuteteza chikhalidwe cha makolo. Ine ndikuti muyeso umenewu sunachokere kwa makolo. Unaumbidwa ndi mishoni, maofesi a atsamunda ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ntchito yake kuyambira pachiyambi yakhala yosefa anthu oti aime, pomwe makhalidwe enieni a atsogoleri sunawasamale n'komwe.

Tiyambe ndi makolowo. Ayao, Amang'anja ndi Alomwe, amene ndiwo ochuluka m'boma la Zomba, amawerengera mtundu kuchikazi. Mwamuna ndiye amapita chikamwini, munda umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ufumu umagwera mwana wa mlongo, ndipo mafumu aakazi m'midzi yathu si achilendo. Mkazi amene banja lake latha amakhala pamudzi pake ndi ana ake, amene amanyamula katundu n'kubwerera kwawo ndi mwamuna. Sindikunena kuti amayi ankakhala mwamtendere pa zonse, pakuti mawu omaliza pa mbumba nthawi zambiri ankakhala a malume. Koma maganizo akuti ulemu wa mkazi umachokera pa mwamuna amene wamukwatira sagwirizana ndi dongosolo limeneli. Anabwera ndi anthu ena. Mishoni ya Church of Scotland inatsegula Domasi mu 1884, atsamunda anaika likulu lawo ku Zomba mu 1891, ndipo mu 1907 anakhazikitsa Legislative Council, m'mene munalibe munthu wakuda mpaka 1949. M'tauni ya akalaliki, apolisi ndi asilikali imeneyi, munthu wolemekezeka anali mwamuna wa jekete, wodziwa Chingerezi, womanga ukwati wa kutchalitchi, mkazi wake ali pakhomo. Anthu akuda asanu amene analowa m'nyumbayo mu 1956, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, onse anali amuna.

Nkhani ya Rose Chibambo imaonetsa bwino chimene muyesowu umateteza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mayiyu, amene mwamuna wake ankagwira ntchito m'boma kuno ku Zomba, anayamba kusonkhanitsa amayi kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1959 anatsekeredwa m'ndende ya Zomba ali ndi khanda m'manja. Atatuluka anakhala mayi woyamba wakuda kulowa m'Nyumba ya Malamulo ndiponso kupatsidwa udindo wothandiza nduna. Pa muyeso uliwonse wa ulemu wa nthawi imeneyo iye ankakwana: anali pabanja, anali ndi ana, anali atavutikira dziko. Komabe pa mkangano wa nduna wa mu September 1964, Dr. Kamuzu Banda anamuchotsa pamodzi ndi nduna zimene zinamutsutsa, ndipo anathawira ku Zambia kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Nkhope yake ili pa K200 lero, koma chimene chinamuchotsa pa mpando ndi kulankhula maganizo ake pamaso pa mtsogoleri.

Zaka zotsatira zinakhwimitsa zimenezi. Dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a m'dziko n'kukhala mbumba yake yomuvinira atavala nsalu za nkhope yake. Anatenga mawu enieni a m'mudzi, koma anachotsamo mphamvu imene mbumba ili nayo yodzudzula nkhoswe yake ngakhale kuisintha. Pa ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zitatu zomalizazo zinkatanthauza chinthu chimodzi kwa munthu wofuna uphungu. Pa zisankho za 1971 ndi 1976 anthu sanaponye voti chifukwa onse oima analibe opikisana nawo. Kuyambira 1978 mpikisano unaloledwa m'kati mwa chipani, koma maina ankayenera kuvomerezedwa ndi pulezidenti, ndipo amene analibe maphunziro okwanira ankayesedwa Chingerezi. Boma lomweli, limene linkayeza kutalika kwa siketi m'dzina la ulemu, ndi limene mu May 1983 linagwira nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga kuno ku Zomba, n'kukawaphera ku Mwanza. Chaka chomwecho khoti la mafumu linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Amene amasirira mwambo wa masiku amenewo ayenera kukumbukira zonsezi pamodzi, chifukwa zinkachokera m'dzanja limodzi.

Malamulo oyendetsera dziko amene anabwera ndi zipani zambiri mu 1994 anafunsa mafunso ena. Gawo 51 limati wofuna uphungu akhale nzika, akhale ndi zaka zosachepera 21, adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira, akhale wolembetsa m'kaundula wa voti, ndipo asakhale woti m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa khalidwe loipitsitsa. Za banja kapena zovala mulibe. Koma lamulo litachoka m'buku, linatsalira m'mitima. Mu January 2012, patatha zaka pafupifupi 20, amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mpaka amayi anachita msonkhano waukulu wotsutsa mchitidwewo ku Blantyre. Kumayambiriro kwa 2019, chisankho chikuyandikira, mayi wina ku Mangochi anakakamizidwa kuvula malaya a chipani chake uku akujambulidwa. Mwamuna wa chipani china amamenyedwa kapena kuopsezedwa, ndipo zimenezo n'zoipa ndithu. Mkazi amavulidwa ndi kutchedwa hule, chifukwa ochita zimenezi amadziwa kuti akamuchotsera ulemu pagulu amuchotseranso voti.

Muyesowu sugwira amuna ndi akazi mofanana, ndipo umboni wake ulipo kuyambira chisankho choyamba. Mu 1994 chipani cha MCP chinalalika ponseponse kuti Bakili Muluzi anapezekapo wolakwa mu 1968 pa mlandu wakuba mapaundi asanu ndi limodzi. Imeneyi inali nkhani yeniyeni ya kukhulupirika pa ndalama, ngakhale inali yakale. Anthu anaimva, anaiyeza, ndipo anamusankha. Pa chisankho chomwecho amayi 10 okha ndiwo anapambana pa mipando 177. Munthu angathe kunena kuti ovota anachita bwino kukhululukira mlandu wa zaka 26 zapitazo, ndipo mwina n'zoona. Funso ndi lakuti chifundo chomwecho chimapita kuti pamene woimayo ndi mayi amene sanabe kanthu, kungoti banja lake linatha.

Anthu a ku Zomba anaonetsapo kuti angathe kuyeza mwanjira ina. Mu 2004 dera la Zomba Malosa linasankha Joyce Banda, wobadwira kwa Malemia, mayi amene sanabise kuti anachoka m'banja lake loyamba chifukwa cha nkhanza. Ali nduna yoona za amayi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Koma pamene anayandikira mpando waukulu, mawu akale aja anabwerera. Mu 2010 mkulu wa chipani cha DPP m'chigawo cha kumwera, Noel Masangwi, ananena poyera kuti Malawi sanakonzeke kulamulidwa ndi mkazi. Callista Mutharika, mkazi wa pulezidenti wa nthawi imeneyo, anamunyoza kuti ndi wogulitsa mandasi. Ndipo pa kampeni ya 2014 mwambi wakuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo unamveka kwambiri. Otsutsa adzati Joyce Banda anagwa chifukwa cha Cashgate, kubedwa kwa mabiliyoni a makwacha ku Capital Hill kumene kunaululika mu September 2013 iye ali pulezidenti. Mfundo imeneyi ndi yolimba ndipo sindiikana: ovota anali ndi ufulu wonse womulanga, ndipo anakhala wachitatu pa chisankhocho. Koma taonani zimene zinachitikira ena. Amayi m'Nyumba ya Malamulo anali oposa 40 mu 2009, ndipo mu 2014 anatsika kufika pa 32. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo kugawikana kwa zipani ndi kusowa kwa ndalama za kampeni, komabe mawu akuti amayi tawayesa alephera anayenda m'madera ambiri. Apulezidenti aamuna akhala akulephera mosiyanasiyana, ndipo palibe phungu wamwamuna amene anauzidwapo kuti ataye mpando chifukwa amuna tawayesa.

Mfundo ina yotsutsa ndi yolemera kuposa imeneyi. Ovota ali ndi ufulu woyeza khalidwe la munthu amene akufuna kuwaimira, ndipo m'dziko la anthu opemphera ngati lathu palibe chachilendo kuti mipingo ndi mizikiti ilankhulepo. Ndiponso mpingo ndi umene unatsegula khomo la ufulu: kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 inagwedeza boma, ndipo ophunzira a ku Chancellor College kuno ku Zomba anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu kuivomereza. Zonsezi ndikuzivomera. Khalidwe la phungu ndi nkhani ya aliyense, makamaka popeza gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, kotero kuti mwayi woweruza umabwera kamodzi pa zaka zisanu. Koma tiyang'ane khalidwe limene kalata ija inafunsa. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, sukulu ndi zipatala zosakwanira, kumanga anthu popanda mlandu, ndi mantha olankhula. Umenewo ndiwo muyeso umene munthu wa ku Zakazaka angaugwiritse ntchito n'kupindula: ndalama za chitukuko cha m'dera zinapita kuti, mankhwala alimo m'chipatala kodi, phunguyu amalankhula m'Nyumba kapena amangolandira ma alawansi, amamenya mkazi wake kapena ayi. Muyeso wa thalauzi ndi wosavuta kuugwiritsa ntchito chifukwa umaoneka ndi maso ndipo sufuna kufufuza, n'chifukwa chake wandale amene ali ndi zobisa amaukonda.

Pali nkhani zina zimene anthu amasiyana maganizo moona mtima, monga kuchotsa mimba ndi maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha. Mu December 2016 mipingo inatsogolera zionetsero zazikulu zokana kusintha malamulo pa nkhani ziwirizi, ndipo unali ufulu wake kutero. Vuto limabwera pamene dzina loipa limene woima pachisankho wapakidwa lilowa m'malo mwa mtsutso. Mu 2021 phungu Matthews Ngwale anabweretsa bilu yokhudza kuchotsa mimba, ndipo aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Munthu angathe kuikana biluyo ndi mtima wonse, koma amayi amene amafika m'zipatala atavulala chifukwa chochotsa mimba mobisa anayenera kumva aphungu awo akufotokoza zifukwa zawo poyera. Nyumba yomweyo inasonyeza kuti mwambo ungakambidwe n'kusinthidwa pamene mu 2015 inaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, n'kusintha malamulo oyendetsera dziko mu 2017, mothandizidwa ndi mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati ambiri a ana.

Sefa imene kale inali m'manja mwa Kamuzu lero ili pa zisankho za chipulula. Kumeneko, voti ya anthu onse isanafike, akuluakulu a chipani ndi nthumwi zochepa amagamula amene adzaime, ndipo mphekesera ya khalidwe imagwira ntchito mwachangu popanda woiyankha. Amayi ambiri akagwetsedwa pamenepo amaima paokha, ndi ndalama zawo. Kampeni ya 50:50, yofuna kuti amayi ndi abambo akhale ofanana pa mipando, yathandizapo: mu 2019 chiwerengero cha amayi chinabwerera pa oposa 40, ndipo Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi. Koma lamulo la Gender Equality Act la 2013, limene limati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, silifika pa mndandanda wa anthu amene zipani zimaimika pa uphungu.