Mau Opita Kutali

Makolo athu a m'cigwa ca Shire, pofuna kulengeza maliro kapena nkhondo, ankaomba ng'oma mobwerezabwereza, kuti ngakhale mphepo imeze mau ena, a tsidya lija amve ndithu. M'caka ca 1892 Cecil Rhodes anayambitsa kampani ya lamya, ndipo waya wace anadzera ku Cikwawa, nalumikiza Tete ndi Blantyre. Wayayo ananyamula mau ndi zizindikiro ziwiri zokha, cacifupi ndi cacitali.

Koma amene anaulula maziko a nzeru imeneyi ndiye Claude Shannon wa ku Amerika, katswiri wa masamu, wobadwa mu 1916, womwalira mu 2001. M'caka ca 1948 anaonetsa kuti mau, nyimbo kapena cithunzi zingathe kulembedwa ndi 0 ndi 1, ndi kuti uthenga wokonzedwa bwino, wokhala ndi zizindikiro zoonjezera, udzafika wosaonongeka ngakhale njira yace iri ndi phokoso. Mbiri yace iri mu kanema wa 2019, dzina lace The Bit Player.

Abale a ku Makhuwira, mau a mwana wanu wa ku Joni akamveka bwino pa foni, dziwani kuti ayenda mwa masamu a Shannon.