Mawu a Mainjiniya ndi Mphatso ya Mwana Wathu

Mwana wa m'banja akatsiriza maphunziro a uinjiniya, mbiri nifika kumudzi kuti tsiku lovala gawuni ndi kulandira digiri layandikira, abale amayamba kufunsana za mphatso, ena nanena za suti, ena za wotchi, ena za mbuzi yophera alendo. Ndipo zonsezi nzabwino, pakuti chochokera m'chikondi sichinyozeka. Komatu alipo makolo, amalume ndi azakhali amene mtima wawo ukhumba kupereka chinthu chimene mwanayo adzachigwira m'manja pa ntchito yake zaka zambiri, ndipo otere ayenera kuyamba aphunzirako mawu angapo a ntchitoyo, popeza mawu amene mmisiri amayankhula tsiku ndi tsiku ndiwo amaulula zimene iye amasowa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba ndi kudziwa kuti dzina lakuti injiniya ndi limodzi, koma nthambi zake ndi zambiri. Sukulu ya Polytechnic ya ku Chichiri mu Blantyre, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndipo kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, pamodzi ndi MUST ya ku Thyolo imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, zimatulutsa anyamata ndi atsikana odziwa zinthu zosiyana. Wa civil ndiye wa misewu, milatho, nyumba zosanja ndi madamu, ndipo ntchito yonga Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, imene imatsekera ndi kutsegulira madzi a Shire monga mufunikira, ndi ya anthu a nthambi yake. Wa mechanical ndiye wa makina, mapampu ndi mainjini. Wa electrical ndiye wa magetsi, kuchokera pa Nkula, pamene madzi anayamba kutembenuza makina mu 1966, kufikira pa waya wolowa m'nyumba ya munthu. Ndipo alipo enanso a migodi, a zipangizo za m'chipatala ndi a ulimi wothirira. Chotero funso lakuti, "Mwana wanga, kodi iwe uli m'nthambi iti?" liyenera kutsogolera ulendo wa kusitolo.

Ngakhale nthambi zisiyana chotere, tsinde lake ndi limodzi, ndilo muyeso, ndipo amenewa ndiwo mawu athu oyamba. Ife anthu wamba tikati thabwa ndi lalitali ngati mkono, takhutira. Koma injiniya amayankhula m'mamilimita, ndipo polemba pa pulani kuti mtanda wa chitsulo ukhale wa mamilimita 25, amalembanso malire a kuphonya kololedwa, amene iwo amawatcha tolerance, podziwa kuti palibe dzanja kapena makina pansi pa thambo amene angadule chinthu mosaphonya konse. Nzeru yake yagona pa kudziwa kuti kuphonya kwake kukafika pati ndipo chitsulo chidzakana kulowa m'malo mwake. Pa chifukwa ichi chida chotchedwa vernier caliper, chimene chinatenga dzina kwa Pierre Vernier wa ku France amene anaonetsa kawerengedwe kake mu 1631, ndi mphatso yolemekezeka kwa wa makina, pakuti chabwino chimawerenga kufikira gawo limodzi la magawo 50 a milimita. Wa magetsi mnzake wa m'thumba ndi multimeter, imene imamuuza ngati m'waya muli mavoti 230 monga muyenera kukhalira m'nyumba zathu, kapena ngati wayayo wafa, asanamukhudze ndi chala. Wa zomangamanga adzakondwera ndi tepi yoyezera yachitsulo ndi levulo yoongoka. Ndipo wina asayese kuti muyeso ndi nkhani yaing'ono: mu 1999 chombo cha ku America chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars, chifukwa gulu lina la akatswiri linawerenga mphamvu m'mapaundi pamene lina linkayembekezera manambala a newton.

Mawu achiwiri ndi katundu, amene m'makalasi awo amati load, ndipo amamugawa pawiri. Mayi akasenza ndowa kuchokera kuchitsime, khosi lake limanyamula ndowa imene kulemera kwake sikusintha, ndi madzi amene lero achuluka, mawa achepa, ndipo amagavira poyenda. Momwemonso mlatho umasenza thupi lake lomwe, ndiye dead load, nusenzanso magalimoto ndi anthu odutsa, ndiye live load, kuwonjezapo mphepo ndi madzi osefukira. Amene aiwala katundu woyambayo amaitana maliro, monga kunachitikira ku Canada mu 1907, pamene mlatho wa Quebec pa mtsinje wa St Lawrence unagwa uli mkati momangidwa, nupha anthu 75, chifukwa akuluakulu a ntchitoyo anatalikitsa mlathowo koma sanawerengenso bwino kulemera kwa zitsulo zake. Ndicho chifukwa injiniya samanga chinthu chongokwanira katundu amene akumuyembekezera. Amawonjezerapo mphamvu ina yapadera, imene amaitcha factor of safety, kuti tsiku loipa likadza, chomangidwacho chikhale ndi popumira. Ife a kuno tsiku lotere talionapo, pakuti mu January 2022 madzi a namondwe Ana anagumula mbali ya damu la ku Kapichira, ndipo dziko linasowa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene amva izi adzazindikira chifukwa chake calculator yabwino ya sayansi, kapena buku la malamulo a kamangidwe limene mwanayo ankangobwereka kulaibulale, ili mphatso yaulemu ndithu ngakhale ilibe maonekedwe.

Mawu achitatu ndi saiti, kutanthauza malo amene ntchito ikuchitikira. Ambiri a ife timayesa kuti mwana wathu adzakhala mu ofesi yozizira atamanga tayi, koma zaka zake zoyamba adzazithera m'fumbi la Okutobala ndi m'matope a Febuluwale, akuwerenga matumba a simenti a makilogalamu 50 ndi kuyang'anira kuti anyamata asathire madzi ochuluka m'konkire pofuna kuti isakanizike msanga. Iye anaphunzira kuti konkire imapirira poipanikiza koma imang'aluka poikoka, ndipo nchifukwa chake amaikamo zitsulo. Anaphunziranso kuti mphamvu yake yeniyeni imayesedwa patapita masiku 28, pamene timabokosi ta konkire totengedwa pa tsiku lothira timaphwanyidwa m'makina. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wa pa saiti asowa jombo zokhala ndi chitsulo kuzala, chisoti cholimba ndi chovala chonyezimira, ndipo ngakhale olemba ntchito ndiwo ayenera kupereka zotetezera zotere, jombo zomukwana bwino zimene amayi ake anamugulira zidzamusunga pa tsiku limene za kampani zachedwa. Ngati injiniyayo ndi mwana wamkazi, abale asamale kwambiri za saizi, popeza zambiri za m'masitolo zinasokedwa poganizira mapazi a amuna.

Mawu otsiriza ndi amene banja liyenera kuwamvetsa koposa onse. Wolandira digiri amatchedwa graduate engineer, ndiye kuti waloledwa kulowa m'bwalo koma sanapatsidwe mpando. Ayenera kuyamba watumikira zaka zingapo pansi pa injiniya wamkulu, akulemba ntchito iliyonse imene wagwira, kufikira bungwe la Malawi Engineering Institution, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, litamuyesa ndi kumulemba m'kaundula wa akatswiri ovomerezeka. Pamenepo mpamene dzina lake pansi pa pulani limakhala chikole chakuti nyumbayo sidzagwera ogonamo. Ku Canada, kuyambira 1925, omaliza maphunziro a uinjiniya amavekedwa mphete yachitsulo ku chala chaching'ono cha dzanja logwirira ntchito, kuti pamene akulemba, mpheteyo iziwakumbutsa za miyoyo imene yatsamira pa manambala awo. Mwambowo ndi wa eni ake, ndipo ife sitiyenera kuubwereka mwachisawawa. Koma phunziro lake ndi la anthu onse. Mphatso zogwirizana ndi gawo ili ndi kope la chikuto cholimba lolembamo za pa saiti, cholembera chabwino, ndiponso, koposa zonse, ndalama yolembetsera ku bungwe lija, imene ana ambiri amaizengereza chifukwa malipiro oyamba amathera ku lendi ndi ku zosowa za abale.

Ilipo mphatso ina yaikulu imene munthu mmodzi sangaithe, ndiyo laputopu yamphamvu yokhoza kuyendetsa mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD, pakuti mapulani a masiku ano amajambulidwa pa kompyuta. Mutu umodzi susenza denga: abale asonkherane, ndipo mwanayo asankhe yekha makina ake, popeza iye ndiye adziwa chimene pulogalamu yake ifuna. Koma banja losauka lisachite manyazi, pakuti tepi ya mamita 5 yochokera kwa agogo idzagwira ntchito tsiku lililonse la Mulungu.

Tsono pa tsiku la phwando, pamene amalume aimirira kuti apereke mphatso ndi malangizo, akumbukire kuti ntchito ya mwana uyu ili ndi mayesero ake. Adzabwera womanga wina ndi envelopu, nadzapempha kuti asayine kuti zitsulo zakwana pamene zaperewera, kapena kuti msewu wathiridwa phula lokwanira pamene angopakapo. Ndipo mwana amene abale ake amuunjikira zopempha zosatha kuyambira mwezi wake woyamba ndiye amene dzanja lake limafulumira kulandira. Chotero banja limene lampatsa chida choyezera limulonjezenso kuti lidzaleza mtima pa zaka zimene iye akali wophunzira pansi pa akulu ake, ndi kuti lidzanyadira muyeso wake woona kuposa galimoto imene angabwere nayo kumudzi, pakuti anthu amene adzawoloka pa mlatho wake, ngakhale sadzamudziwa dzina, ndi ana a anzathu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.